Kawaya ka Amalume ndi Ulendo wa ku Tsangano

Ku Mitundu, kumene ndimayang'anira chigayo, anthu amandidziwa kuti ndine a Fanuwelo. Kwathu ku Nathenje ndine a Handibuleki. Dzinali ndakhala nalo zaka zoposa makumi awiri, ndipo ana ena kumeneko amayesa ndi la ubatizo.

Linabwera chonchi. Amalume anga anali ndi pikapu yakalekale, yotuwa, ya magiya a pachiwongolero, imene ankaitcha Nabanda. Tsiku lina, nditangopeza kumene laisensi, anandituma kukatenga feteleza. Pobwerako ndinaimika galimoto pakhomo, pamalo otsetsereka pang'ono. Batire inali yofooka, choncho injini ndinaisiya ikulira. Ndinakoka handibuleki n'kulowa m'nyumba kukamwa madzi. Kumbuyo kwa galimoto, mwana wawo Esinta, msuweni wanga, ankasankha mtedza pamphasa. Galimoto inabwerera yokha. Woyamba kufika anali amalume, ndipo ndi amene analowamo n'kuisuntha pamwendo wa mwana wawo.

Esinta anagonekedwa kuchipatala cha ku Nkhoma miyezi itatu. Mwendo wamanzere sunawongokenso bwino. Amalume anandiuza liwu limodzi lokha: "Sunakoke." Ndinati ndinakoka. Tinakankhira Nabanda m'chigafa cha fodya, ndipo sanaiyendetsenso mpaka kumwalira kwawo chaka chatha.

Chaka chino, ntchito ya fodya itatha, Esinta anandiitanitsa. Ndinamupeza pabenchi yake ya tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu, mwendo uja atautsamiritsa pachipika cha mtengo monga amachitira masiku onse.

"A Handibuleki, mwanenepatu. Gaga wa eni ake mukumaliza ndinu kuchigayoko?"

"Tomato wanu akuola ndi pakamwa panupo, asuweni."

Anaseka, kenaka anasiya. "Chiliza cha bambo tikuika mvula isanagwe. Ndikufuna simenti ndi mwala zikafike kumanda pa Nabanda. Azichimwene akuti tigulitse kwa ogula zitsulo, ine ndakana. Inu si mumadziwa za injini?"

"Injini ya chigayo siyenda pamsewu."

"Ndi ubwino wake. Sigunda munthu."

Chisuweni chimalola mawu otere. Ndinavomera ntchitoyo.

Ndinkapita Loweruka lililonse. Injini inandidyera miyezi iwiri, koma inalira. Mabuleki akumbuyo ndinawasiya komalizira, ndipo ndinachita dala. Sindinkafuna kuwakhudza.

Tsiku lake litafika ndinakweza galimoto ndi jeke, n'kuikhazika panjerwa. Ndinachotsa tayala lakumanja. Kuseri kwake kuli diramu, chitsulo chonga poto wovundikira, ndipo mabuleki amakhala m'kati mwake. Diramulo linali litamatirira ndi dzimbiri. Ndinalithira palafini n'kulisiya sabata. Loweruka lotsatira ndinabweza kaye kachitsulo kosinthira mabuleki kudzera pakabowo kakumbuyo, kenaka ndinayamba kumenya m'mbali mozungulira, nyundo ikugunda pathabwa osati pachitsulo. Linasuntha pang'ono, pang'ononso, mpaka linagwera m'manja mwanga ndi fumbi lakuda.

Amalume anali ndi lamulo lawo: "Umasule mbali imodzi, inayo ikhale mphunzitsi." Choncho mbali yamanzere sindinaikhudze. Ndinayala chiguduli, ndipo chilichonse chimene ndachotsa ndinkachiika pamzere, kuyambira kumanzere. Sipuling'i yaitali yapamwamba. Yapansi. Tiwiri tating'ono togwirizira. Kenaka mashu, zitsulo ziwiri zopindika ngati mwezi watsopano, zimene zimakhula diramu kuti tayala liime.

Nditatembenuza shu yakumbuyo ndinaima. Chingwe cha handibuleki chimathera ndi kamutu kamene kamakola pakachitsulo ka shu imeneyo. Kamutuko kanalibepo. M'malo mwake panali waya wamba, womangira mpanda, wopotedwa katatu, mchira wake utapindidwira m'kati kuti usabaye munthu. Kapotedwe kameneko ndinakadziwa. Kanali pachitseko cha khola, pachigwiriro cha ndowa, pachilichonse chimene amalume anakonzapo. Ndipo wayayo anali woduka.

Ndinakhala pansi nthawi yaitali. Ndine munthu wosafulumira kukondwa. Kodi waya anaduka tsiku lija, kapena ndamudula ndine ndi nyundo yanga? Ndipo ngati anaduka tsiku lija, bwanji mbali yamanzere sinagwire? Za injini ndimadziwa, koma za mabuleki ndinali mlendo. Munthu mmodzi yekha akanandiuza: a Jailosi, makaniko amene ankakonza Nabanda masiku amenewo. Wowotcherera zitsulo wina pa Nathenje anati akadali moyo, anabwerera kwawo kupitirira Tsangano, ndipo foni alibe.

Esinta ndinamuuza kuti ndikukafuna zingwe za handibuleki. Silinali bodza, chifukwa a Jailosi ankadziwika ndi kusunga zitsulo zakale. Za waya sindinatchule. Zitsulo zonse ndinaziika m'timapepala ta shuga, chilichonse m'kake, n'kulembapo manambala. Ndinaziponya m'thumba la feteleza pamodzi ndi diramu. Kawaya ndinakaika m'bokosi la machesi, m'thumba la malaya.

Ndinanyamuka ku Mitundu Lachiwiri mmamawa pa kabaza wa njinga yamoto, kudzera njira yafumbi. Pa Nathenje ndinatenga thumba langa m'chigafa n'kukaima pasiteji. Minibasi ya ku Dedza inali ndi anthu anayi okha, ndipo tinadikira mpaka dzuwa litatentha. Kondakitala atanyamula thumba lija anabuula.

"Madala, muli munthu m'menemu?"

"Zitsulo."

"Ameneyu alipira mpando. Akulemera kuposa mayi awo."

"Ndimuika pamiyendo."

"Miyendo ndi yanu, koma matayala ndi athu."

Tinakanganapo pang'ono, ndipo tinagwirizana kuti diramu lilipire ngati mwana wa sukulu. Linakhala pakati pa mawondo anga, m'mphepete mwake mukundidya msongolo.

Pa Kamphata tinaima kutsitsa munthu. Pamenepo ndi popatukira ku Nkhoma. Miyezi itatu imene Esinta anagona kumeneko ndinapitako kamodzi. Ndinafika pakhomo la wodi, ndinaona mwendo utapachikidwa, ndinasiya nthochi kwa mayi wina wodikirira wodwala, n'kubwerera. Sindinauzepo munthu zimenezi. Ndinayang'ana msewu wopatukawo mpaka tinaupitirira.

Pa Diamphwe anatigulitsa. Dalaivala anaona kuti anthu ndi ochepa, anaimitsa minibasi inzake, n'kutiuza kuti tonse tisamukire m'menemo. Anthu anadandaula monga mwa nthawi zonse, ndipo anasamuka monga mwa nthawi zonse. Ine ndisanatuluke, kondakitala anakoka thumba langa n'kuliponya pansi. Diramu linang'amba thumba. Timapepala tinamwazika patala, tina tinaphulika, ndipo masipuling'i anadumphadumpha kulowera kunsi kwa minibasi.

Amene anayamba kutola anali mayi wina wamtali, wa zitenje ziwiri ndi mtolo wa masaka opanda kanthu. Anagwada n'kupisa dzanja kunsi kwa galimoto.

"Iwe, katundu wa munthu amaponya choncho? Akanakhala mazira?"

"Mazira salemera chonchi, mayi."

"Tseka pakamwa, tola."

Kondakitala anatola. Tinapeza zonse, nditawerenga kawiri. Koma manambala anali atasokonekera, ndipo sindikanadziwanso sipuling'i yapamwamba ndi yapansi. Ndinadzitonthoza kuti mphunzitsi akadali m'chigafa, wosamasulidwa. Ndinagwira pachifuwa. Bokosi la machesi linalipo.

Mayiyo anandipatsa saka limodzi mwa ake. Anati ndi a Nachisale, ndipo akupita ku Tsangano kukapikula mbatatesi. Tinakhala mpando umodzi.

Tisanalowe m'Dedza panali rodibuloko. Wapolisi wachikulire anafuna kuona za m'saka, ndipo anafunsa kumene zitsulozo zachokera. Ndinali nditanyamula buku lakale la galimoto, la dzina la amalume. Analiwerenga, n'kuwerenganso.

"Galimoto imeneyi ikadalipo?"

"Ilipo, bwana."

"Ndi yaikulu kwa ine imeneyi. Mukaipatse moni."

Ku Dedza kunali mphepo yozizira ngakhale dzuwa linali pamutu. Tinasintha minibasi, kulowa ya ku Ntcheu, ndipo tinadikiranso. Bambo wina wa jekete lachikopa anaona bokosi likutuluka m'thumba la malaya anga.

"Akulu, tabwerekeni machesi."

"Mulibe machesi."

"Nanga bokosi mukusungiranji?"

Anandiyang'ana ngati munthu wonyamula mankhwala, ndipo anasuntha pang'ono. A Nachisale anaona zonsezi koma sanafunse.

Anadzafunsa titatsika pamphambano ya ku Tsangano, titadutsa Lizulu ndi milu yake ya kabichi. Pamenepo tinadikira maola atatu. Lole yopita kumtunda inalipo, koma dalaivala anati sanyamuka mpaka adzaze. Tinakhala pamthunzi wa golosale, tikudya chimanga chootcha. Mphepo inkanyamula timapepala n'kutizunguza pamsewu. Aliyense wofika ankafunsa kuti inyamuka nthawi yanji, ndipo dalaivala ankayankha aliyense chimodzimodzi: "Pompano."

"Bambo, m'bokosimo muli chiyani?" anatero a Nachisale. "Mwaligwira kasanu chichokereni ku Diamphwe."

Kwa munthu amene sudzamuonanso n'kosavuta kulankhula. Ndinatsegula bokosi, ndinawaonetsa waya, ndipo ndinafotokoza zonse, kuyambira feteleza mpaka dzina. Anamvetsera akukonola chimanga ndi chala.

"Ndiye mukakapeza kuti munakokadi, mwendo uwongoka?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Ndikufuna adziwe kuti sindinaname."

"Adziwe ndani? Mudzi?"

"Iyeyo, mwini mwendo."

Anatafuna kanthawi. "Mayiyo akufuna kuikira bambo ake chiliza. Inu mukufuna kuwafukula kaye." Anataya chitsononkho. "Sindikuti musapite. Mwafika kale kutali. Koma mudziwe chimene mwanyamula."

Lole inaliza hutala.

Tinakwera kumbuyo, anthu oposa makumi awiri, pamwamba pa masaka, njinga ziwiri ndi malata a munthu wina. Tala anatiperekeza kagawo n'kutisiya. Kuchokera pamenepo linali fumbi lofiira ndi mabampu, minda ya mbatatesi uku ndi uku, ndi mphepo yolowa m'mafupa. Wina anandilozera kuti nyumba za kudzanja lamanja ndi za ku Mozambiki. Sizinasiyane ndi za kumanzere.

Pachitunda china chachitali injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Kunakhala zii. Kenaka ndinamva lole ikuyamba kubwerera, pang'onopang'ono, matayala akuphwanya timiyala.

"Mwala! Mwala!" anakuwa dalaivala.

A Nachisale anali atadumpha kale, pamodzi ndi amuna awiri. Ananyamula mwala waukulu m'ngalande n'kuuponya kuseri kwa tayala. Lole inagwedezeka n'kuima. Ine sindinasunthe. Ndinapezeka nditakumbatira saka langa. Phokoso la matayala obwerera okha ndinali ndisanalimvepo, chifukwa tsiku lija ndinali m'nyumba ndi kapu ya madzi. Ndinalimva pachitunda chimenecho.

Anthu anatsika n'kukhala paudzu. Dalaivala anatsegula kutsogolo, akutukwana dizilo wa m'zigubu. Ndinapita kukaona. Vuto linali lodziwika kwa munthu wa chigayo: mpweya unalowa m'paipi ya mafuta. Ndinapempha sipanala, ndinamasula kanati, iye akupopa, mpaka thovu linatha n'kutuluka dizilo yekhayekha. Zinatitengera pafupifupi ola.

"Handibuleki ya lole imeneyi sigwira?" ndinamufunsa tikupukuta m'manja.

Analoza mwala uja ndi chibwano. "Ndi imeneyo. Siduka, sifuna girisi."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, osadziwa kuti mawuwo adzandipezanso mawa lake.

Tinafika pa Tsangano dzuwa litapendeka. A Nachisale anandilozera nyumba ya alendo ndi munthu wodziwa kwa a Jailosi, ndipo anapita kwa alimi awo. Saka lawo anati ndisabweze.

Mmawa ndinayenda wapansi pafupifupi ola, saka paphewa. A Jailosi ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya mbatatesi ndi manja. Ndinkawakumbukira ali munthu wamkulu thupi, wa ovolosi yakuda ndi mafuta. Tsopano anali ochepa, atavala zipewa ziwiri, ndipo maso awo anali otuwa ndi ng'ala. Nditatchula dzina la amalume anasiya mbatatesi.

"Nabanda! Akadali moyo mayi ameneyo?"

"Injini yalira mwezi watha."

"Nanga mwini wake?"

"Anatisiya chaka chatha."

Anavula chipewa chimodzi. Kenaka anati, "Ndiye inu ndinu mwana wa mlongo wawo uja. Wa laisensi."

Akazi awo anabweretsa tiyi ndi mbatatesi zophika. Titatha ndinakhuthula saka pamphasa, ndi kupepesa kuti zasokonekera panjira. Anangoseka. Ankatola chitsulo, kuchisisita ndi chala chachikulu, n'kuchiika pamalo pake.

"Iyi yapamwamba, ili ndi ngowe yaitali. Iyi yapansi. Shu iyi ndi yakutsogolo, yadyeka kwambiri. Diramu ili musataye, lingofuna sandipepala. Mbali inayo mwamasula?"

"Ayi."

"Anakuphunzitsani bwino."

Posakhalitsa mabuleki onse anali pamphasa monga amakhalira m'galimoto. Ndipamene ndinatulutsa bokosi la machesi n'kuika waya m'dzanja lawo. Anamuzunguza kamodzi, chala chinafika pamchira wopindidwa uja, ndipo anapumira m'mwamba.

"Maso anga atha. Tandiuzani, pamene padukapo pakuwala, kapena pali dzimbiri?"

Ndinayang'ana padzuwa. "Dzimbiri. Lofanana ndi pena ponse."

"Ndiye si nyundo yanu. Anaduka kalekale."

"Nanga mbali yamanzere sikanagwira?"

"Munamangapo ng'ombe pangolo? Zingwe ziwirizo zimakumana pakachitsulo kamodzi pansi pa galimoto, ngati goli. Ng'ombe imodzi ikamasuka, goli limapendekeka, inzake sikoka kanthu." Anandibwezera waya. "Kamutu kaja kanathothoka ine ndikuona. Anamanga okha waya ameneyu pagalaja panga. Ndinawauza kuti agule chingwe chatsopano. Anati fodya akagulidwa. Fodya anagulidwa kawiri."

Ndinali nditaganiza kuti ndikadzamva mawu amenewa ndidzaimirira, kapena kulira. Ndinangokhala. M'khutu munkamveka kulira kwa handibuleki ija ndikuikoka, mano ake akuwerengana. Ndinakokadi.

"Ngozi itachitika anabwera kugalaja," anapitiriza a Jailosi. "Anakhala pa tayala tsiku lonse. Ndinafunsa ngati tipite tikaikonze. Anati isiyeni."

Ndinayamba kubweza zitsulo m'saka. Ndipamene anafunsa, mosakweza mawu, ngati akufunsa za mvula.

"Nanga chipika chinali kuti tsiku limenelo?"

"Chipika chanji?"

"Cha mtengo wa muwanga. Ndinawasemera ndine, sabata yomwe anamanga wayayo. Chosongoka mbali imodzi, chokumbika pokhala tayala, chabowo la chingwe. Chinkakhala kuseri kwa mpando. Akangoima paliponse, ngakhale patchalitchi, ankatsika n'kuchiika kuseri kwa tayala. Simunawaonepo?"

Ndinawaonapo. Kambirimbiri. Ndinkayesa ndi mantha a munthu wachikulire wophunzira galimoto mochedwa. Ndinkawaseka ndi anzanga, kuti amalume amaimika galimoto ngati ngolo. Ine ndinali ndi laisensi ya boma, ndipo m'buku la malamulo a pamsewu munalibe chipika.

"Sanandiuze chifukwa chake," ndinatero.

"Anakuuzanipo chiyani ndi pakamwa munthu uja? Ankaphunzitsa ndi manja." Anatolanso mbatatesi, kuifinya, n'kuiponya kumulu wa zoola. "Koma akanakuuzani. Pamenepo analakwa. Ndipo ponena kuti simunakoke, analakwa kawiri. Izo ndi zawo, apita nazo. Koma za chipikacho ndi zanu."

Sanandisiye ndi mawu okha. Ananditsogolera kuseri kwa nyumba akupapasa khoma, mpaka pansi pa nkhokwe. Pamenepo panali zitsulo za magalimoto amene anatha kalekale pamsewu. Anapisa dzanja n'kutulutsa nsanza yamafuta, ndipo m'kati mwake munali zingwe ziwiri za handibuleki, timitu take tili tonse.

"Ndinawasungira amalume anu. Sanabwere kudzatenga. Muike zonse ziwiri, osati chimodzi."

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri. Ndinakwera lole ya mbatatesi mpaka pamphambano, minibasi mpaka Dedza, ina mpaka Nathenje. Saka linalemera kuposa popita, chifukwa akazi a Jailosi anawonjezamo mbatatesi. Njira yonse ndinkayesa mawu. Ndikanena za waya yekha, ndafukula amalume n'kudzibisa ine. Ndikanena za chipika chokha, bodza lija likhala mpaka kalekale. Ndikapanda kunena kanthu, ndikhala a Handibuleki, ndipo ndinali nditazolowera. Pa Diamphwe ndinaganiza zokhala chete. Pa Kamphata ndinasintha.

Ndinatsika pa Nathenje Lachinayi chakumadzulo. Esinta ankalongedza tomato wotsala m'dengu.

"Mwabwera? Tinayesa mwakwatira konko."

"Anandikana. Akuti ndine wa ku chigayo, ndimatuwa."

Ndinatsitsa saka n'kukhala pamphepete pa benchi. Ndipo maso anga anagwera pansi, pamene panali mwendo wake. Chipika chija ndinkachiona nthawi iliyonse ndikabwera, zaka zonsezi. Chinali chakuda ndi kugwiridwa. Chosongoka mbali imodzi. Chokumbika pakati, pamene chidendene chake chinkakhala. Kumapeto kunali bowo, ndi kachidutswa ka chingwe chakale.

"Asuweni, chipika ichi munachitenga kuti?"

Sanayang'ane pansi. Anayang'ana ine. "Kuseri kwa mpando wa Nabanda. Pomwe munachisiya."

Galimoto yaikulu inadutsa, benchi inanjenjemera.

"Nditatuluka m'chipatala ndinakalowa m'chigafa," anatero. "Ndinkafuna ndiione galimotoyo. Ndinachipeza chili phee pamalo pake. Ine za handibuleki sindidziwa, a Fanuwelo, sindinayendetsepo galimoto. Chimene ndinkadziwa n'chakuti bambo akaima ankaika ichi, ndipo inu simunaike."

"Bwanji simunanene?"

"Munabwera kudzafunsa? Nthochi zanu ndinalandira."

Ndinatulutsa bokosi la machesi, ndinalitsegula, n'kuliika pabenchi pakati pathu. Ndinafotokoza mwachidule: kamutu kothothoka, goli la ng'ombe, fodya wogulidwa kawiri, tsiku lonse pa tayala kugalaja. Sindinawonjezere, sindinachotsere. Ndinamaliza ndi chipika, ndi mmene ndinkawasekera bambo ake.

Anatola wayayo. Sanafunse kuti anamanga ndani. Chala chake chinapita chokha pamchira wopindidwa.

"Ndodo yanga yoyamba itang'aluka anaimanga chonchi," anatero. "Kuti isandibaye." Mayi wina anabwera kudzafunsa anyezi, ndipo anamuuza kuti watseka. "Ndiye munakokadi."

"Ndinakoka."

"Ndipo iwo ankadziwa."

"Ankadziwa."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kamodzi kokha. Anabweza waya m'bokosi, n'kulimangirira pamfundo ya chitenje pamene amasunga zake zofunika.

"Uyu ndi wanga. Azichimwene ndikawauza ndekha, chiliza chikatha. Bambo ayambe agona bwino." Anachotsa mwendo pachipika, n'kuchikankhira kwa ine ndi phazi. "Ichi tengani. Ndi cha m'galimoto."

"Nanga mwendo?"

"Njerwa zatha pa Nathenje?"

Ananyamula dengu pamutu, ine saka paphewa ndi chipika m'khwapa. Tinayenda pang'onopang'ono, mwa mayendedwe ake. M'chigafa Nabanda anali pomwe ndinamusiya, pamalo athyathyathya, mbali imodzi ili panjerwa, wosatha kupita kulikonse. Ndinatsitsa saka. Ndinazungulira kumanzere, kumene tayala linali likadali pansi, ndinagwada, n'kulowetsa chipika kuseri kwake. Chinakwana ndendende.

Esinta anaima pakhomo, dengu lili pamutu.

"Mwachedwa nazotu, a Fanuwelo," anatero. "Koma ikani."